Belu la Masana pa Tepi ya Bambo

Kuno kuchilumba,
24 Julaye

Okondedwa achimwene a Prosper,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, pamodzi ndi alamu anga a Maureen ndi ana onse. Bondo lija likuti bwanji ndi kuzizira kwa kumeneko? Kuno dzuwa likuswa mtengo, nkhuyu zapsa msanga, ndipo alendo adzaza padoko moti mwini mudzi akusowa pokhala. Amayi aliko bwino. Chilonda cha pamwendo chija chayamba kuuma, akudya, ndipo akukalipa. Mukudziwa kuti amayi akamakalipa ndiye kuti moyo ulipo.

Mudabwa kuti ndikulemba kalata pomwe timalankhulana Lamlungu lililonse. Lamlungu lapitali munandifunsa za mitengo ya azitona, ndinayankha, tinatsanzikana, koma chimene chinali kukhosi sindinachitulutse. Mukundidziwa. Pakamwa ndimagonja msanga, makamaka kwa inu. Pepala lokha ndi limene silindidula mawu. Ndalemba pamanja, koma ndijambula masambawa nʼkutumiza pa foni ya mwana wanu Nives, chifukwa positi singafike nthawi yake.

Chonde werengani mpaka kumapeto musanandiimbire.

Nkhani ndi ya nyimbo ya bambo, ndi kalata ija tinasaina tonse awiri mu Epulo. Ndiyambira kutali, ngakhale zambiri mukuzidziwa, chifukwa ine ndemwe ndikufuna kuona pamene ndinapunthwa.

Chaka chino "Usazime Nyali" yakwanitsa zaka makumi asanu chijambulireni. Anthu a wailesi anabwera mu 1974 nʼkujambula bambo ndi anzawo asanu a klapa, gulu lawo loimba lija, mu holo ya tchalitchi, amuna asanu ndi mmodzi ataima mozungulira, opanda chida chilichonse. Patangotha miyezi inayi bambo anamwalira pa sitima yapamadzi ya katundu, chimbale chisanatuluke. Inu munali ndi zaka khumi ndi zitatu, ine zisanu ndi chimodzi. Kuyambira pamenepo bambo amene ndimawadziwa ine ndi a pa chimbale chija: mawu opepuka, okwera, othamanga ngati a munthu amene akutsika phiri ali ndi uthenga wabwino.

Chilumba chonse chinakula nayo nyimboyo. Pa ukwati amavinira, pa bwato amayimba, ndipo chaka chilichonse ndi yomwe imatseka phwando la Roko Woyera pa masitepe a tchalitchi. Chaka chino komiti inasankha gulu la Lukre kuti ndilo lidzatseke. Inu Lukre simunamuonepo. Ndi namwino wathu, mtsikana wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, yemwe wakhala akubwera mʼmawa uliwonse kudzatsuka chilonda cha amayi chiyambireni Febuluwale. Amayimba ndi anzake anayi, ndipo kanali koyamba kuti akazi apatsidwe masitepewo.

Kenako mu Malichi Lukre ndi anzake anajambula nyimboyo nʼkuitulutsa pa wailesi. Ija munaimva inu pa intaneti nʼkundiimbira foni nthawi yomweyo.

Anaiyimba pangʼonopangʼono, ndi mawu otsika, akupuma pomwe palibe amene anapumapo. Kuno kunali chipwirikiti. A Zorzi, amene kale ankayendetsa boti la pakati pa zilumba ndipo pano ndi wapampando wa komiti, amvekere, "Mwanayu watenga nyimbo ya ukwati nʼkuiveka zamaliro." A Mandica a pagolosale amati akaimva amaona ngati bulu akukwera mtunda atasenza mphesa. Ana asukulu akamuona Lukre akudutsa amayamba kuyenda mokoka miyendo, akuimba mzere woyamba mpaka mpweya kuwathera. Ena amati wachita dala kuti amveke wamzinda. Ena amati akazi analibe nazo ntchito zimenezi.

Inu munati tisalole, ndipo ine ndilembe kalata chifukwa ndine ndinapita ku yunivesite. Sindikukuponyerani mlandu. Munanena, koma analemba ndine, ndipo ndinalemba mokondwa. Ndinakhala masiku awiri ndikusankha mawu. Ndinalemba kuti banja la Vicko, bambo athu, silikulola kuti cholowa chake chinyozedwe, ndi kuti woimbayo sanamvetse mtima wa nyimboyo. A Zorzi anaikhoma pa bolodi la pakhomo la tchalitchi, ndipo gulu la Lukre linachotsedwa pa ndandanda wa phwando. Amayi tinawabisira, monga tinagwirizana, ndipo aliyense wobwera kudzawazonda ndinkamupempha kuti asaitchule.

Kwa nthawi yoyamba mʼmoyo wanga amuna a pakhonde la khofi anandiitana kuti ndikhale nawo. Ndikuchita manyazi kunena kuti zinandikomera.

Lukre sanasiye kubwera. Ankafika nthawi yake, kundipatsa moni wa "Mwadzuka bwanji, aphunzitsi," kugwada pansi, kumasula bandeji. Sanatchulepo kalatayo ngakhale tsiku limodzi. Ine ndinayamba kumapeza chochita kuseri kwa nyumba nthawi imeneyo.

Tsopano mvetserani.

Chifukwa cha zaka makumi asanuzi, komiti inandituma kuti ndikapemphe tepi yeniyeni ija ku nkhokwe ya wailesi, kuti tidzaiike pa zokuzira mawu tsiku la phwando. Anandipatsa kope lake milungu itatu yapitayo. Tepiyo ndi yaitali kuposa chimbale. Nyimbo isanayambe mukumveka mipando ikukokedwa, wina akutsokomola, munthu wa wailesi akuti adikire kaye chifukwa belu la tchalitchi layamba. Ndipo belu la masana likulira, kakhumi ndi kawiri, asanayambe kuimba.

Ndinaimvera kangapo osazindikira kanthu. Koma Lachinayi lina ndinakhala nayo mʼkhitchini, zenera lili lotsegula, ndipo zinangochitika kuti belu la pa tepi linayamba kulira pomwe belu lenileni linayambanso kulira kunja.

Achimwene, mabelu awiriwo sanagwirizane.

La pa tepi linali lokwera, lolira mofulumira, ngati kabelu ka mbuzi. La kunja linali lija tinakulira, lakuya, lochedwa. Ndinaima pakati pa khitchini supuni ili mʼmanja. Poyamba ndinati mwina anasintha belu. Ndinapita kwa bambo mfumu, tinatsegula mabuku a parishi. Belu lathu linapachikidwa agogo athu asanabadwe ndipo silinatsikepo. Ndinakwera nsanja ndekha, ine woopa makwerero, nʼkukaona chaka chake cholembedwa pa mkuwa. Ndi lomwelo.

Zaka makumi atatu ndakhala ndikuphunzitsa ana za mawu ndi mafunde ake. Belu silisintha liwu. Ngati pa tepi likumveka lokwera, ndiye kuti tepiyo ikuthamanga. Ndipo ngati belu likuthamanga, chilichonse chimene chili pa tepiyo chikuthamanga.

Mukukumbukira kuti nthawi imeneyo magetsi a kumtunda anali asanafike? Chilumba chonse chinkadalira injini ya fakitale ya nsomba, ija inkachititsa mababu kuphethira masana fakitale ikamagwira ntchito. Makina ojambulira anawalumikiza ku magetsi amenewo. Injini ikafooka, makina amazungulira mochedwa. Atabwerera kumzinda nʼkuika tepi pa makina oyenda bwino, zonse zinafulumira ndi kukwera. Kunalibe wowauza. Bambo anali atapita kale kunyanja.

Ndinachita chinthu chimene mwana wa mʼkalasi mwanga angachite. Ndinajambula belu lathu pa foni, nʼkuchepetsa liwiro la tepi pa kompyuta pangʼonopangʼono mpaka mabelu awiriwo anakhala liwu limodzi. Kenako ndinalola nyimbo iyambe.

Sindikudziwa ndingakuuzeni bwanji. Ndinakhala pansi penipeni, pa simenti. Munthu amene anayamba kuimba sanali mnyamata wothamanga uja. Anali bambo wamkulu, wotopa pangʼono, wa mawu ochokera pansi pa chifuwa, woimba ngati akulankhula ndi munthu mmodzi yekha. Pa mzere uja woti "usazime nyali, ndili pafupi" anapuma pakati, mpweya wake nʼkumveka. Pa chimbale kupumako kulipo, koma kumadutsa ngati mphezi, ndipo tonse timawomba mʼmanja pomwepo.

Liwiro lake linali la Lukre. Popumira pake panali pa Lukre. Ndinaika nyimbo ziwirizo pamodzi, ndipo zinayenda limodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza ngati anthu awiri opalasa bwato limodzi.

Masiku atatu sindinauze munthu. Ndinabwereza masamu kasanu, ndikuyembekeza kuti ndalakwitsa. Ndinkafunitsitsa nditalakwitsa. Mukudziwa kuti ine ndimadzikayikira pa chilichonse, ngakhale pa kuchuluka kwa mchere mʼmsuzi. Tsiku limene ndinkafuna kukayika kwambiri ndi limene kukayika kunandithawa.

Kenako ndinachita chinthu chamantha. Mʼmalo monena zoona, ndinaganiza zoyesa anthu kaye. Loweruka mʼmawa ndinapita pakhonde la khofi. A Zorzi anali pa makadi ndi anzawo, a Mandica atatseka golosale kwa kanthawi kuti amwe khofi wawo. A Zorzi atandiona amvekere, "Eee, Profesa watulukira! Mwatibweretsera mayeso?" Ndinati pali gulu lina la amuna limene layimba nyimbo ya bambo, ndipo ndikufuna aweruze ndi iwo odziwa. Mwini khofi analumikiza foni yanga ku chokuzira mawu. Inali tepi ya bambo yochepetsedwa liwiro ija, koma belu ndinali nditalidula.

Sanadikire nʼkomwe kuti ndime yoyamba ithe.

A Zorzi anaponya khadi patebulo amvekere, "Ameneyu wadya chiyani? Akukoka ukonde wodzaza miyala?" A Mandica anati matenda a Lukre aja tsopano agwira ndi amuna omwe, boma litumize katemera. Wina kumbuyo anati woimbayo amupatse khofi awiri, iye alipira. Wina anati mawu ali nawo ndithu, koma mtima wa nyimbo alibe. Anagwiritsa ntchito mawu anga omwe, a mʼkalata ija. Kenako a Zorzi anandiloza ndi chala, amvekere, "Profesa, kamuuzeni mkuluyu akakhale pansi amvere Vicko kaye, aphunzire. Vicko akanakhalapo akanamuthira ndowa ya madzi a mʼnyanja kuti adzuke."

Khonde lonse linafa nacho chiseko. Achimwene, ichi ndi chimene ndinalephera kukuuzani pafoni. Ndinaseka nawo. Ankaseka bambo athu, mawu awo enieni akumveka padoko lawo lomwe koyamba mʼzaka makumi asanu, ndipo mwana wawo anaima pomwepo mano ali pamtunda. Ndinazimitsa foni, ndinamwa khofi amene anandigulira, ndinabwerera kunyumba. 

Lolemba mʼmawa sindinathawire kuseri. Lukre anali atagwada, beseni lili pambali, amayi ali pampando wawo wa pazenera mwendo uli pa kampando. Ndinati ndili ndi nyimbo yoti amve. Amayi atangomva munthu wa wailesi uja akulankhula anadziwa kuti ndi nyimbo ya bambo, amvekere, "Zimitsa. Ukudziwa kuti sindifuna." Mukukumbukira mmene ankatulukira mʼchipinda chimbale chikayamba. Tonse tinkati ndi chisoni. Ndinawapempha kuti apirire mzere umodzi wokha.

Bambo atayamba, amayi sanayangʼane foni. Anatembenukira kukhomo. Dzanja lawo linapita kumutu nʼkukonza mpango wakuda uja, kubweza tsitsi limene linatuluka, monga mkazi amachitira akamva mapazi amene akuwadziwa. Anangoti, "Vicko."

Lukre anasiya bandeji ili lende. Tinaimvera nyimboyo mpaka inatha. Kenako amayi anandiyangʼana ndi maso ouma gwa, nʼkundifunsa kuti ndamutenga kuti. Ndinayamba kufotokoza za injini ndi belu, koma anandidula. Anati za injini sakuzidziwa, chimene akudziwa nʼchakuti kamnyamata kaja ka pa chimbale sanagonepo nako nyumba imodzi. Amvekere, "Amuna anga sankathamanga. Ngakhale nyumba ikanapsa, akanayamba avala chipewa."

Ndinawafunsa chifukwa chake sananene zaka zonsezi. Anaseka kuseka kopanda chimwemwe. Akuti ananena. Chimbale chitangofika anauza bambo mfumu a nthawiyo, anauzanso anzawo a bambo aja. Onse anati chisoni chawatseka makutu, wailesi ya dziko lonse singalakwitse. Anzawo aja ankadziwa ndithu kuti sankayimba chonchi, koma ndani akanakana kumveka ngati mnyamata dziko lonse likumva? Pasanathe chaka iwo omwe anayamba kuyimba mothamanga kuti afanane ndi chimbale chawo. Amene ankadziwa anamwalira mmodzimmodzi, ndipo otsala anakula ndi chimbale.

Kenako ananena mawu amene sakundichoka mʼmutu. Akuti tsiku lina analowa mʼchipinda nʼkutipeza awirife titagona chafufumimba pafupi ndi galamafoni, ine ndikufunsa inu kuti, "Amenewa ndi bambo?" inu nʼkuyankha kuti, "Eya, ndi bambo, khala chete." Amvekere, "Ndikanatani? Nyanja inakulandani mmodzi. Ine ndikanakulandaninso winayo?"

Ndinatembenukira kwa Lukre nʼkumufunsa kumene anaphunzira kuiyimba chonchi. Anayangʼana amayi. Amayi ndiwo anati, "Muuze, zatha." Koma iye anabwerera ku bandeji yake, ndipo amayi ananena okha.

Masiku oyamba aja chilonda chili chachikulu, kutsuka kunkawawa kwambiri. Kuti asakuwe, amayi ankayimba nyimboyo chapansipansi, momwe bambo ankawayimbira pakhomo akamanyamuka ulendo. Lukre anaimva mʼmawa uliwonse kwa milungu ingapo, ali chogwada, ndipo anapempha chilolezo choti aiyimbe chomwecho. Amayi analola, koma anamulumbiritsa kuti asadzauze munthu kumene anaitenga. Mukudziwa mwambo wa akazi a msinkhu wawo. Wamasiye wovala zakuda sayimba, makamaka nyimbo yachikondi. Zaka makumi asanu amayi sanatsegule pakamwa ngakhale pa ukwati wanu, ndipo sankafuna kuti a Mandica ndi anzawo amve kuti iwo, Perina, wayamba kuimba ali ndi zaka makumi asanu ndi atatu kudza zisanu ndi zitatu.

Ndiye Lukre anasunga lumbiro. Ana akumuseka mumsewu, kalata yathu ili pa bolodi, mawu amodzi okha akanamuwombola: "Anandiphunzitsa ndi mkazi wake." Sanawanene. Anapitiriza kubwera kudzatsuka mwendo wa mayi wa anthu amene anamuchititsa manyazi.

Apa mʼpamene amayi anafunsa kuti nanga phwando lili pafupi, kukonzekera kukuyenda bwanji. Lukre anawerama. Ine ndinazindikira kuti palibenso kothawira, ndipo ndinawauza za kalata.

Sindinawaonepo chonchi. Anandiuza kuti ndibwereze mawu ake, ndipo ndinabwereza, chifukwa ndimawadziwa pamtima. Nditafika poti "banja la Vicko silikulola," anamenya ndodo pansi. Amvekere, "Banja liti? Ine ndine ndani mʼnyumba muno, mphaka? Mmodzi ali kutsidya kwa dziko, wina anali asanasiye kukodza pamphasa, ndiye ndinu odziwa mmene mwamuna wanga ankayimbira? Sukulu yonse ija, Jerko, inakuthandiza kulemba bodza mopanda cholakwika."  Ndinagwada pafupi ndi beseni lija nʼkupepesa kwa Lukre. Iye anangoti, "Dzukani aphunzitsi, mugwetsa madzi," nʼkupitiriza kumanga bandeji.

Tsiku lomwelo nthawi itatsala pangʼono kukwana masana ndinakatenga a Zorzi pakhonde. Anadandaula kuti ndawadula makadi abwino, koma anabwera. Tinaima pansi pa nsanja. Belu litayamba ndinawamvetsera la pa tepi momwe linabwerera ku wailesi, kenako lochepetsedwa liwiro lija. Munthu amene wayendetsa boti zaka makumi anayi akumvera injini safuna kumufotokozera zambiri. Ndinaona nkhope yawo ikusintha. Kenako ndinalola nyimbo ipitirire, ndipo anazindikira kuti ndi ya Loweruka ija.

Anavula chipewa. Anakhala pa masitepe. Kenako anafunsa motsitsa mawu kuti, "Ndiye ndowa ya madzi ija ndimati athiridwe ndi Vicko?" Ndinati eya. Anatukwana, osati ine, koma mphepo chabe.

Musaganize kuti anatembenuka mtima pomwepo. Atadzuka anati belu silinama, zimenezo avomera, koma nyimbo imene anavinira pa ukwati wawo ndi malemu akazi awo ndi yothamanga ija, ndipo palibe profesa amene angawalande. Amvekere, "Mwina injini ya fakitale inaimba bwino kuposa bambo ako. Zimachitika." Ndinafuna kukwiya, koma ndinalephera. Mwina akunena zoona mbali ina. Anthu anakonda chimene anamva, anakwatirana nacho, anaikira nacho maliro a abale awo. Sindikunena kuti tiphwanye chimbale. Inenso usiku wa dzulo ndinapezeka ndikuiyimba mothamanga potsuka mbale.

Koma kukonda nʼkwina, kuletsa nʼkwina. Ife sitinalembe kuti timakonda ya pa chimbale. Tinalemba mʼdzina la bambo kuti Lukre wawanyoza, pomwe pa chilumba chonse iye yekha ndi amene anawayimba momwe analili.

Ndinapempha a Zorzi kuti achotse kalata pa bolodi ndi kubwezera gulu la Lukre pa ndandanda. Anakana. Akuti kalata inalowa ndi masaini awiri, ituluka ndi masaini awiri, ndipo wamkulu ndinu. Akuti safuna kuti mudzatsike boti chaka chamawa nʼkuwanena kuti anapeputsa mwana woyamba wa Vicko chifukwa cha mngʼono wake. Ine ndasaina kale pepala lobweza kalatayo. Ndinakhomanso pa bolodi pepala langa lopepesa, lalifupi, lopanda mawu aakulu. Pakhonde la khofi asiya kundiitana, ndipo a Mandica akuti ndagwidwa nawo matenda. Sizikundipweteka monga ndinkaganizira.

Ndandanda wa phwando upita kosindikiza pa 5 Ogasiti. Likapanda kufika dzina lanu pofika tsiku limenelo, masitepe apatsidwa kwa gulu la amuna lochokera kumtunda, ndipo adzaiyimba monga mwa chimbale. Lukre sakupempha kanthu. Ndinamufunsa ngati angayimbe mutalola, ndipo anati adzayimba ngati amayi adzakhalepo. Amayi akuti adzakhalapo ngakhale tiwanyamule pa chitseko, ndipo adzauza okha aliyense wofunsa kuti mphunzitsi wa nyimboyo ndi ndani, a Mandica anene zimene anganene.

Achimwene, ndikudziwa chimene ndikukupemphani. Inu munanyamula chimbale chija mʼsutikesi muli ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo a Maureen anandiuza kuti chili pakhoma pa chipinda chochezera, kuti mumachiika tsiku lililonse lokumbukira imfa ya bambo. Kwa inu si nyimbo chabe. Inu munawadziwa bambo zaka khumi ndi zitatu, ndipo mwina mudzadzifunsa, monga ndadzifunsira ine mʼmalo mwanu, kuti zinatheka bwanji kuiwala mawu a bambo ako omwe. Musadziweruze. Munali mwana wolira, chimbale chinkalira tsiku ndi tsiku, ndipo bambo sanabwerenso kudzachitsutsa.

Pamodzi ndi kalatayi ndatumiza zinthu ziwiri kwa Nives: pepala loti musaine, ndi nyimboyo, belu lili koyambirira kwake. Mukaimvere muli nokha. Mukadzati si bambo, sindidzakudabwani. A Zorzi ananena zomwezo, ndipo ine ndinaseka nawo.

Koma pali chinthu chimodzi chimene ndasunga mpaka pano, chifukwa ndimaopa kuti mungati ndikukunyengererani.

Tsiku lija mʼkhitchini, mabelu atagwirizana, mawu atayamba, sindinaganize za bambo. Ndinalibe chowazindikirira. Ndinadzuka pa simenti nʼkuyangʼana foni yanga, ndikuganiza kuti yayankha yokha ndipo ndinu mukulankhula. Ndi mawu anu, achimwene. Kutsika kwake, kukoka kwake, ngakhale mmene mumapumira pakati pa chiganizo mukamafuna kunena chinthu chovuta. Ndinaona ngati ndi maganizo anga chabe, ndiye dzulo ndinawafunsa amayi.

Anandiyangʼana ngati ndafunsa ngati nyanja ili ndi mchere. Amvekere, "Ukuganiza kuti Lamlungu lililonse ndimamufunsa Prosper za nyengo ya ku Australia chifukwa ndikufuna kukayanika zovala kumeneko?"

Zaka zonsezi akhala akukufunsani za mvula, za mitengo ya nsomba, za galu wa anansi anu, chilichonse choti mupitirize kulankhula. Ine ndinkaima pambali ndikuganiza kuti ndi ukalamba.

Ndiye uthenga wawo ndi uwu, ndipo andiuza kuti ndiulembe momwe aunenera. Akuti sainani pepalalo lero, osati mawa. Akuti Lamlungu mukaimba foni musayambe ndi za azitona. Akuti muwayimbire mzere woyamba wokha, ndipo musathamange.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Maureen, kwa Nives ndi mwamuna wake, kwa Anton, ndi kwa kachidzukulu kaja sindinakanyamulebe. Bambo mfumu akupereka moni. Lukre ndinamuuza kuti ndikukulemberani, ndipo anati ndikuuzeni kuti mwendo wa amayi ukhala utapola pofika tsiku la phwando. 

Mulungu akusungeni, ndipo Roko Woyera ayangʼanire nyumba yanu. Lamlungu foni ndidzaipereka kwa amayi nʼkutuluka panja, kuti musachite manyazi.

Ndine mngʼono wanu,
Jerko